Mwamaliza Sekondale: Momwe Mungasankhire Pakati pa Koleji ndi Ntchito

Zotsatira za mayeso zikangotuluka, aliyense amasanduka mlangizi wanu. Wina akuti pitani ku koleji, munthu wopanda pepala masiku ano alibe pake. Wina akuti kagwireni ntchito, anthu a madigiri adzaza misewu ndi maenvelopu kukhwapa. Onsewa akunena zimene anaona ndi maso awo, koma palibe amene akunena za inuyo. Funso loti "koleji kapena ntchito" lilibe yankho likangofunsidwa choncho. Koleji yake iti, kukaphunzira chiyani? Ntchito yake yotani, kwa yani, ndipo idzakusiyani muli munthu wotha chiyani? Zimene ndalemba apazi cholinga chake n'choti muyerekeze zinthu ziwiri zenizeni, zokhala ndi mayina ndi mitengo yake. Pezani kope ndi cholembera, ndipo mudzipatse milungu itatu kapena inayi. Si nkhani yoitha usiku umodzi.

Yambani ndi ntchito imene mukufuna kudzagwira

Lembani ntchito zitatu zimene mungasangalale kumagwira zaka 10 zikubwerazi. Musalembe zimene zimangomveka bwino pozitchula pagulu. Lembani zimene mungapirire kuzidzukira m'mamawa tsiku lililonse, ngakhale tsiku limene thupi silikufuna. Kenako pa iliyonse mufufuze kuti anthu amalowera khomo liti.

Ntchito zina khomo lake ndi limodzi basi. Udokotala, unamwino, uloya ndi ukatswiri wa mankhwala, m'mayiko ambiri lamulo sililola kuti munthu azigwira asanaphunzire pasukulu yovomerezeka ndi kulembetsa ku bungwe loyang'anira ntchitoyo. Ngati mtima wanu uli kumeneko, palibenso chosankha. Chatsala n'kudziwa kuti mupita liti, ndipo ndalama zichokera kuti. Ntchito zina zili ndi makomo ambiri: kugulitsa malonda, kujambula, kulemba mapulogalamu a kompyuta, kuyendetsa bizinesi. Kumeneko amene anaphunzira kukoleji ndi amene anaphunzirira pantchito amapezeka akugwira limodzi, ndipo olemba ntchito ambiri amafuna aone zimene munapangapo. Palinso ntchito zamanja, monga zamagetsi, zowotcherera, zamipope, ukalipentala ndi umakaniko, zimene zimafuna zonse ziwiri: kalasi pang'ono, manja kwambiri.

Ngati kope lanu lakhala loyera chifukwa simukudziwa chimene mukufuna, musachite manyazi. Ambiri pa msinkhu wanu sadziwa. Koma kusadziwako kukuuzeni kanthu: si nthawi yabwino yokongola ndalama zambiri kuti mulowe maphunziro a zaka zinayi poganiza kuti mukadziwira komweko.

Kachezeni ndi anthu amene ali kale m'ntchitozo

Safunsa anadya phula. Pa ntchito iliyonse mwa zitatuzo pezani anthu awiri, mmodzi wa digiri ndi wina amene analowera njira ina, ngati alipo. Afunseni kuti tsiku lawo limayenda bwanji kuyambira m'mawa, anayamba ndi malipiro otani, panatenga nthawi yaitali bwanji asanapeze ntchito yoyamba, ndiponso akanakhala kuti akuyamba lero akanachita chiyani mosiyana. Funso lomalizali ndi limene limatulutsa zoona.

Musangofunsa abale ndi anzanu apamtima, chifukwa iwo amadziwa zomwezo mukudziwa inu. Katswiri wa za chikhalidwe cha anthu, Mark Granovetter, anafufuza cha m'ma 1970 momwe anthu a m'tauni ina pafupi ndi Boston ku America anapezera ntchito. Anapeza kuti oposa theka anamva za ntchitoyo kwa munthu wodziwana naye, ndipo ambiri mwa odziwana nawowo sanali anzawo a tsiku ndi tsiku koma anthu ongokumana nawo mwa apo ndi apo. Mphunzitsi wanu wakale, mnzawo wa mchimwene wanu, munthu amene mumangopatsana moni, amenewo ndiwo amadziwa makomo amene inu simunawaonepo. Ndipo kucheza kotereku kumathanso kubala ntchito yeniyeni.

Werengani mtengo wonse, osati fizi yokha

Apa ndi pamene ndikufuna tikhalitsepo, chifukwa mabanja ambiri amalakwitsa pomwepa. Akamawerenga mtengo wa koleji amaphatikiza fizi, mabuku, malo ogona ndi mayendedwe, n'kuima. Amaiwala ndalama zimene wophunzirayo akanalandira akanakhala pantchito zaka zonsezo. Akatswiri a zachuma Theodore Schultz ndi Gary Becker, amene anayamba kufufuza maphunziro ngati chuma chimene munthu amadziikira m'thupi mwake cha m'ma 1960, anaonetsa kuti malipiro otayikawa ndi gawo lalikulu la mtengo wa sukulu. Saoneka chifukwa palibe amene amakupatsani lisiti lake.

Tiyeni tichite masamu ndi manambala ongoyerekeza, inu mudzaikepo anuanu. Tinene kuti ntchito imene mungaipeze lero imalipira 100 pamwezi. Pachaka ndi 1,200, pa zaka zinayi ndi 4,800. Tinenenso kuti fizi ndi zina zofunika kusukulu zimakwana 1,500 pachaka, ndiye kuti 6,000 pa zaka zinayi. Musawerengeremo zinthu zimene mukanagula ndithu ngakhale muli pantchito, koma zokhazo zimene zabwera chifukwa cha sukulu. Mtengo weniweni wa digiriyo ndi 10,800.

Tsopano onani tsidya linalo. Mnzanu amene anayamba ntchito ija, pakutha zaka zinayi mwina wakwezedwa, akulandira 120. Inu mwamaliza, mwapeza ntchito ya 180. Kusiyana kwake ndi 60 pamwezi, 720 pachaka, kotero padzatenga zaka 15 kuti ndalama zija zibwerere. Koma ngati maphunziro anu akulowetsani ntchito ya 300, kusiyana ndi 180 pamwezi, ndipo zaka 5 zokha zikwanira. Koleji ndi yomweyo, zaka n'zomwezo, chasintha ndi chimene mwaphunzira ndi msika wake. N'chifukwa chake malipiro amene anthu aja anakuuzani pocheza ndi ofunika kuwalemba. Muonjezerenso miyezi imene mungakhale mukufunafuna ntchito mutamaliza.

Kunena chilungamo, masamu a anthu ambiri amakomera sukulu. Mu 2018 George Psacharopoulos ndi Harry Patrinos anasonkhanitsa kafukufuku wa m'mayiko 139 n'kupeza kuti chaka chilichonse chowonjezera cha sukulu chimakweza malipiro a munthu ndi pafupifupi 9 peresenti. Ndi phindu lalikulu, ndipo limayenda ndi munthu moyo wake wonse. Ine ndimakhulupirira kuti amene wapeza malo pa maphunziro abwino, ndalama zake zilipo, ndipo phunzirolo amalikonda, apite asazengereze. Koma 9 peresentiyo ndi ya anthu onse kuwaphatikiza pamodzi. Mkati mwake muli amene anapindula kwambiri ndi amene sanapindule kanthu.

Amene amapwetekedwa kwambiri ndi oyamba koma osamaliza. Ku America, mwa ophunzira 10 amene amayamba digiri ya zaka zinayi, pafupifupi 6 okha ndiwo amakhala atamaliza pakutha zaka zisanu ndi chimodzi. Enawo ambiri amatsala ndi ngongole koma pepala alibe. Chifukwa chimene kusamaliza kumapwetekera chonchi anachifotokoza Michael Spence mu 1973, amene pambuyo pake analandira mphoto ya Nobel mu 2001. Wolemba ntchito sangathe kuona m'mutu mwanu, ndiye amadalira pepalalo ngati chizindikiro choti ndinu munthu wotha kuyamba chinthu chovuta n'kuchimaliza. Zaka zitatu za digiri ya zaka zinayi sizikupatsani magawo atatu mwa anayi a phindu lake. Gawo lalikulu limabwera ndi chaka chomaliza.

Choncho musafunse kuti "kodi tili ndi fizi ya chaka choyamba?" Funsani kuti ndalama za chaka chachitatu ndi chachinayi zidzachokera kuti. Lembani dzina la aliyense amene walonjeza kuthandiza, ndalama zake zingati, mpaka liti. Kenako fufutani dzina limodzi, muone ngati sukuluyo ingapitirire munthuyo atadwala kapena ntchito itamuthera. Ngati zonse zikugwa chifukwa cha munthu mmodzi, funani mzati wina musanayambe. Funsirani sikolashipu ndi thandizo la fizi kulikonse kumene mukuyenerera, ndipo muyambe msanga, chifukwa masiku otsekera ambiri amadutsa anthu akudikirabe kalata ya malo.

Za ngongole, werengani pepala lonse musanasaine. Mudziwe chiwongoladzanja chake, ngati chimayamba kuwerengedwa mukadali pasukulu, tsiku loyamba kubweza, ndi chimene chimachitika mukasowa ntchito kapena mukasiyira panjira. Pali kasamu kosavuta: gawani 72 ndi chiwongoladzanja cha pachaka, yankho lake ndi zaka zimene ngongole yosabwezedwa imawirikiza kawiri. Pa 12 peresenti ndi zaka 6. Pa 24 peresenti ndi zaka 3 zokha.

Ifufuzeni sukuluyo

Pafupifupi dziko lililonse lili ndi bungwe kapena unduna umene umavomereza masukulu aukachenjede. Kaoneni nokha ngati sukuluyo ili pa mndandanda wawo, ndipo muonetsetse kuti maphunziro enieni amene mukufunawo ndi ovomerezeka, chifukwa zimatheka sukulu kukhala yovomerezeka koma kosi ina ayi. Musadalire chikwangwani kapena zolengeza za pa Facebook. Funsani kuti mwa amene anayamba chaka choyamba ndi angati anamaliza, ndipo amene anamaliza chaka chatha ali kuti. Ngati ofesi ikuzungulira poyankha, pezani ophunzira akale awiri kapena atatu, iwo sabisa. Sukulu imene ikukukakamizani kulipira lero lomwe, kuti mawa malo atha, ichedwetseni dala.

Iyeseni ntchitoyo ndi muyeso womwewo

Anthu amafufuza koleji koma ntchito amangoilandira, poti ndi ndalama. Ntchito ya munthu wa zaka 18 kapena 19 iyenera kulipira kawiri, ndalama ndi luso. Musanavomere, dziwani kuti pakutha chaka mudzatha kuchita chiyani chimene lero simutha. Pali munthu wodziwa amene muzigwira naye pafupi? Amene ali pamwamba panu anayambira pamalo anuwo, kapena onse anabwera ndi mapepala kuchokera kunja? Ngati aliyense wokwezedwa ali ndi dipuloma, dziwani kuti denga lili pafupi, ndipo mudzaligunda mutu posachedwa.

Pemphani kuti mgwirizano ulembedwe: malipiro, maola, tchuthi, ndi nthawi yoyesedwa. Zikakhala zongolankhula pakamwa, tsiku la mkangano mulibe pogwira.

Ndikuchenjezeninso za malipiro oyamba. Amakoma kwambiri, makamaka anzanu a kukoleji akamalira njala inu muli ndi foni yatsopano. Kukomako kumabweretsa zogula zangongole, lendi, ndi achibale amene ayamba kukudalirani, ndipo pakatha zaka ziwiri kusiya ntchito kuti mubwerere kusukulu kumakhala kovuta kuposa lero. Ndaonapo achinyamata anzeru amene anati "ndigwire chaka chimodzi chokha" ndipo zaka zinapita osazindikira. Sanali aulesi. Anangosowa tsiku lolembedwa ndi ndalama zosungidwa padera. Walira mvula walira matope: mukasankha ntchito, muvomerezenso kuti kudziphunzitsa kudzakhala udindo wanu, popanda mphunzitsi wokukumbutsani.

Ntchito ili ndi ubwino wake weniweni umene sitiyenera kuunyoza. Imakuphunzitsani kusunga nthawi, kulankhula ndi kasitomala wokwiya, kugwira ntchito pansi pa bwana, ndi kudziwa chimene simukufuna kudzachita moyo wanu wonse. Munthu amene wagwira ntchito zaka ziwiri akalowa m'kalasi amadziwa chimene wabwerera.

Onaninso njira za pakati

Si zoona kuti misewu ndi iwiri yokha. Ku Germany wachinyamata amatha kulembedwa ndi kampani ngati wophunzira ntchito, n'kumakhala masiku atatu kapena anayi pamlungu kuntchito, tsiku limodzi kapena awiri kusukulu ya luso. Amalandira kangachepe mwezi uliwonse, ndipo pakatha zaka ziwiri mpaka zitatu ndi theka amalemba mayeso n'kulandira satifiketi yodziwika dziko lonse. Ntchito zophunziridwa motere ziliko zoposa 300. Ku Switzerland achinyamata pafupifupi awiri mwa atatu aliwonse amatsata njira yotereyi, ndipo sawaona ngati olephera. Kumene muli dongosolo lake lingakhale losiyana, koma fufuzani makampani ndi amisiri amene amatenga ophunzira ntchito, ndipo mufunse ngati pamapeto pake pali mayeso ndi pepala lovomerezeka. Kuphunzira kwa mmisiri popanda pepala kumakupatsani luso, koma mukasamukira kwina mudzavutika kutsimikizira anthu osakudziwani.

Njira ina ndi kuphunzira muli kutali kapena madzulo. University of South Africa yakhala ikuphunzitsa anthu ali kwawo kuyambira 1946, ndipo Open University ya ku Britain, imene inakhazikitsidwa mu 1969, imalandira anthu pa madigiri ake ambiri oyamba popanda kufunsa kuti kusekondale anakhoza bwanji. Masukulu ambiri masiku ano ali ndi makalasi a madzulo, a kumapeto kwa mlungu, ndi a pa intaneti. Mungathenso kukwera pang'onopang'ono, satifiketi kenako dipuloma kenako digiri, kuti mukaima panjira mukhale muli ndi kanthu m'manja. Musanayambe, funsani ngati sukulu ya pamwambayo idzawerengera zimene mwaphunzira kale.

Koma musanamizidwe kuti kuphatikiza ntchito ndi sukulu n'kophweka. Mapanga awiri avumbwitsa. Ophunzira ali kutali amasiyira panjira kwambiri kuposa a m'kalasi, chifukwa munthu wotopa amene waweruka usiku satsegula buku. Dziyeseni kaye: kwa mwezi umodzi, werengani maola awiri madzulo aliwonse, masiku asanu pamlungu, phunziro limene mukufunalo. Mukakwanitsa, njirayi ndi yanu. Mukalephera, mwadziwa musanalipire.

Khalani pansi ndi makolo

Pitani ndi kope lija. Makolo kapena amene akukulerani akamakana maganizo anu, nthawi zambiri pansi pake pamakhala mantha: kuti mudzavutika monga anavutikira iwo, kapena kuti ndalama sizikwana koma akuchita manyazi kunena. Yambani ndi kuwafunsa chimene akuopa, mumvetsere mpaka amalize. Kenako aonetseni masamu anu, mayina a anthu amene munacheza nawo, ndi tsiku limene mudzaunikenso zonse. Mawu oti "sindikufuna sukulu" amawawa m'makutu a kholo. Mawu oti "ndigwira ntchito iyi miyezi 18, ndizisunga chakuti mwezi uliwonse, ndipo chaka chamawa ndifunsira malo kumaphunziro awa" ndi nkhani imene angakambirane nanu. Ngati banja likufunikiradi malipiro anu panopa, kuti ang'ono anu apitirize sukulu kapena pakhomo pakhale chakudya, kugwira ntchito si kulephera. Koma mugwirizane poyera kuti gawo la malipirowo ndi la maphunziro anu, ndipo lisakhudzidwe.

Sankhani, ndipo khomo linalo mulisiye losakhoma

Tsopano pa tsamba limodzi lembani mbali ziwiri. Kumanzere, dzina la sukulu, kosi yake, mtengo wonse, amene alipire, ndi ntchito imene ikudikira kumapeto. Kumanja, dzina la ntchito, malipiro, luso limene mudzapeze, ndi pamene amene anayamba zaka zisanu zapitazo afika. Ngati mbali ina ilibe dzina, mwachitsanzo mwangolemba kuti "ndifunafuna ntchito", ndiye kuti simukuyerekeza zinthu ziwiri, mukuyerekeza chinthu ndi chiyembekezo. Bwererani mukaipezere dzina. Dziikireni tsiku losankha, ndipo likhale lisanafike tsiku lotsekera kulembetsa.

Mukasankha koleji, musadikire chaka chomaliza kuti muyambe kuona ntchito. Tchuthi chilichonse funani kogwira, ngakhale kongodzipereka, m'gawo la maphunziro anu, ndipo aliyense amene mwamugwirira ntchito mumupemphe kalata ya umboni musanachoke. Mukaona pa semesita yoyamba kuti kosiyo si yanu, kafunseni msanga za kusintha, chifukwa kusintha m'chaka choyamba n'kotsika mtengo kuposa m'chaka chachitatu.

Mukasankha ntchito, ngati munapatsidwa kale malo kusukulu alembereni kalata yofunsa ngati angakusungireni malowo mpaka chaka chamawa, poti masukulu ena amalola koma safuna kuti mungosowa. Sungani satifiketi yanu ya sekondale pamalo abwino pamodzi ndi makope ake otsimikizidwa. Tsegulani akaunti yapadera, ndipo tsiku lolandira malipiro muziyamba ndi kuikamo gawo la sukulu musanagule kanthu. Ngati pali phunziro limene simunakhoze bwino ndipo ndi limene likukutsekerani khomo, lembetsani kuti mulembenso mayeso ake chaka chino, zimene munaphunzira zisanazilale m'mutu. Pomaliza lembani tsiku pa tsamba loyamba la kope lija, miyezi 12 kuchokera lero, ndipo muuze munthu mmodzi amene simungamunamize kuti adzakufunseni tsiku limenelo: mwaphunzira chiyani, mwasunga zingati, ndipo mafomu mwatumiza kapena ayi.